NGOZI YA ZOKOLOLA IMAYAMBA POPAKIRA

Alimi anzanga, miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni ikafika, miseu yolowa mumzinda wa Blantyre imadzaza ndi matola ndi malole onyamula zokolola. Anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ndi alimi ndithu ngakhale amagona m'tauni. Ena ali ndi minda kwawo ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Ntcheu. Ena amachita lendi minda kufupi konkuno monga ku Lunzu, Chileka ndi Mpemba. Chimanga chikauma chiyenera kukwera galimoto kuti chifike pakhomo, ndipo kawirikawiri mwini wake amakwera nacho limodzi atakhala pamwamba pa matumba.

Patsamba lino timakonda kukambirana za mbewu, feteleza ndi mankhwala a anankafumbwe. Sabata ino tiyeni tikambirane za mlimi mwini wakeyo, pakuti munda ulibe phindu ngati wolimayo wathyoka msana. Phunziro lathu lili ndi mfundo imodzi: ngozi zambiri za magalimoto onyamula zokolola siziyambira pamseu ayi. Zimayambira kumunda kapena pamsika, pa nthawi yopakira, pamene timagwirizana za kuchuluka kwa matumba, anthu okwera, malo amene akhale ndi nthawi yonyamukira. Pamenepo mlimi ali ndi mawu chifukwa ndiye wolipira.

KUKULA KWA VUTOLI

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka chilichonse. Mu lipoti la 2018 bungweli linayerekeza kuti kuno ku Malawi anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse ankafa pamseu pachaka, pamene pa dziko lonse chiwerengerocho chinali 18. Amenewa ndi omwalira okha. Ovulala ndi ochuluka kuposa pamenepa, ndipo ambiri ndi anthu a msinkhu wogwira khasu.

Ambiri tikukumbukira zimene zinachitika mu 2019 pa Kampepuza m'boma la Ntcheu, pamene lole yolemedwa inalephera kuima ndi kulowa pamsika wa m'mbali mwa mseu wa M1, nipha anthu oposa 15. Ngozi imeneyi inatiphunzitsa kuti galimoto yolemedwa sipha okwera okha. Imaphanso mayi amene wangokhala pansi akugulitsa tomato wake.

MASAMU A KATUNDU

Tiyambe ndi masamu osavuta. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. Galimoto ya tani imodzi, imene timaitcha matola, inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 1,000, kutanthauza matumba 20. Lole ya matani atatu ndi matumba 60. Munthu wamkulu amalemera kuposa thumba limodzi, choncho aliyense wokwera kumbuyo ayenera kuwerengedwa ngati katundu.

Tsono taonani zimene timachita. Tapakira matumba 30 pa matola, amenewo ndi makilogalamu 1,500. Pamwamba pakwera anthu asanu ndi atatu a makilogalamu 60 aliyense, amenewo ndi makilogalamu 480. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 1,980. Galimoto ya tani imodzi yasenza matani pafupifupi awiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Katundu akachuluka chotere pamachitika zinthu zinayi. Choyamba, mabuleki amatentha pamtsetse wautali mpaka kuleka kugwira. Chachiwiri, matayala amatentha ndi kuphulika, makamaka akakhala akutha kale. Chachitatu, kumbuyo kukalemera kwambiri kutsogolo kumapepuka, ndipo chiwongolero sichimveranso dalaivala. Chachinayi, katundu akasanjidwa kupitirira bodi, kulemera kumakhala m'mwamba, ndipo galimoto imagubuduzika msanga pagulaye kapena tayala limodzi likalowa m'dzenje.

Pa zonsezi onjezerani liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Akuluakulu sananame ponena kuti kuthamanga si kufika.

Dera lathu lino ndi la mapiri. Wochokera ku Chikwawa ayenera kulimbana ndi zitunda ndi magulaye a pa Thabwa. Akalowa m'tauni mavuto sanathe. Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa ndi malo omangidwa m'tsinde mwa mapiri a Ndirande, Bangwe, Michiru ndi Soche. Timiseu ta m'kati mwake ndi topapatiza, totsetsereka, tokumbika ndi madzi a mvula, ndipo ana amasewera momwemo. Lole yolemedwa ikalephera kukwera chitunda imabwerera chambuyo, ndipo woyamba kupondedwa ndi waganyu amene akuthamangira kuika mwala kuseri kwa tayala. Mamita 200 omalizira kufika pakhomo ndi bwino kutuntha matumba pa wilibala kusiyana ndi kukakamiza dalaivala kuti alowe pamene sipalowa galimoto.

Pali njira imodzi yochepetsera katundu imene ili m'manja mwa mlimi: kutonoleratu chimanga kumunda. Zitsononkho zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa chimanga chosenda, ndipo chimanga chosatonola chimadya malo owirikiza kawiri poyerekeza ndi chotonola. Mukatonola, katundu amatsika, sapitirira bodi, ndipo simulipira galimoto kuti ikunyamulireni zitsononkho.

ZIMENE ZIMACHITIKIRA THUPI

Munthu wokhala pamwamba pa matumba alibe chogwira, alibe lamba, alibe denga. Ali mamita awiri kapena atatu kuchoka pansi. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi galimoto imaima, koma iye amapitirira ndi liwiro lomwe lija mpaka kukamenyetseka paphula. Galimoto ikagubuduzika, matumba amene anawakhalira amamugwera. Matumba khumi ndi theka la tani. Kuvulala kumene kumatsatira ndi kotere:

Mutu. Chigaza chikamenyeka, magazi angathe kumatuluka m'kati osaoneka. Munthu amadzuka, amalankhula, mwinanso kuthandiza kutola matumba, koma patapita maola ochepa amayamba kusanza, kuwodzera, kusokonekera, kenaka kukomoka. Aliyense amene anakomoka ngakhale kwa kanthawi kochepa ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo.

Khosi ndi msana. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wotenga mauthenga kuchoka ku ubongo kupita ku manja ndi miyendo. Ukaduka sulumikizikanso, ndipo munthu amafa ziwalo moyo wake wonse. Nthawi zina ngozi imathyola fupa lokha, koma mtsemphawo amaudula ndi anthu achifundo pomunyamula munthuyo mopinda.

Chifuwa ndi mimba. Thumba kapena tayala likapsinja munthu, nthiti zimathyoka ndi kubaya mapapo. Kapamba ndi chiwindi zimang'ambika ndipo magazi amathera m'mimba kunja kulibe bala. Zizindikiro zake ndi ludzu, thukuta lozizira, kuyera kwa m'maso ndi m'zikhato, ndi mtima wogunda mofulumira.

Miyendo ndi chiuno. Anthu okhala m'mphepete mwa bodi atalendewetsa miyendo amathyoka miyendo galimoto ikakhulana ndi inzake kapena ndi mtengo. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita asanu, ndipo fupa la ntchafu likathyoka angathe kutaya lita imodzi kapena kuposa m'kati mwa ntchafumo.

THIRAKITALA

Anthu ambiri a m'makomboni athu anagwirapo kapena ali ndi abale amene akugwira ntchito m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ndi m'minda ya nzimbe ku Nchalo, kumene thirakitala ndiyo galimoto ya tsiku ndi tsiku. Alimi ena amachita hayala thirakitala kuti iwagawulire munda kapena kuwatutira zokolola. Makina amenewa amayenda pang'onopang'ono, choncho anthu amawapeputsa.

Thirakitala ndi yaitali, ndipo kulemera kwake kuli m'mwamba. Ikayenda mopingasa pamalo otsetsereka, kapena tayala likagwera m'ngalande, imagwa chammbali. Ikakoka chinthu cholemera, monga chitsa kapena galimoto yotitimira, unyolo utamangidwa pamwamba m'malo momangidwa pa chitsulo chake chokokera cha m'munsi, imadzuka kutsogolo ndi kugwa chagada. Zimenezi zimachitika m'sekondi imodzi ndi theka yokha. Palibe dalaivala amene angadumphe m'nthawi imeneyo.

Mankhwala ake anapezeka kale. Dziko la Sweden linalamula mu 1959 kuti thirakitala iliyonse yatsopano ikhale ndi chitsulo cholimba chotchinga dalaivala ikagubuduzika, ndipo m'kupita kwa zaka imfa za mtundu umenewu zinatsika ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse. Mukaona chitsulo chopindika ngati khomo kuseri kwa mpando, dziwani kuti si chokongoletsa ndipo si chopachikapo jekete. Musachichotse, ndipo dalaivala amange lamba kuti akhale m'kati mwake.

Thirakitala ili ndi mpando umodzi chifukwa ndi ya munthu mmodzi. Wokhala pa madigadi akagwa amagwera kutsogolo kwa tayala lalikulu. Woima pa chitsulo cha pakati pa thirakitala ndi ngolo yake akaterereka, ngoloyo imamudutsa pamwamba. Kumbuyo kulinso chitsulo chozungulira chimene amakaniko amachitcha PTO, choyendetsa makina otonolera chimanga, zigayo ndi mapampu. Chimazungulira maulendo 540 pa mphindi, kutanthauza kasanu ndi kanayi pa sekondi. Chikakola chitenje kapena mkono wa malaya chimakulunga ndi munthu yemwe asanakuwe n'komwe. Chikhale chovindikira nthawi zonse, ndipo zimitsani injini musanayandikire.

Thirakitala ili ndi zopondera mabuleki ziwiri, cha kumanja ndi cha kumanzere, zothandiza pokhota m'munda. Pamseu zimangiriridwe pamodzi, pakuti kuponda chimodzi chokha pa liwiro kumaitembenuza. Pamtsetse itsike ndi giya yomwe ikadakwera nayo. Kutsika giya itachotsedwa pofuna kusunga dizilo ndi kusewera ndi manda, chifukwa ngolo yodzaza imakankha thirakitala mpaka kuipinda.

NGOLO, NJINGA NDI KABAZA

Mumzinda muno ngolo za ng'ombe sizioneka kawirikawiri, koma kumidzi kumene tili ndi minda, makamaka ku Chikwawa, Ntcheu ndi Dedza, ndizo zimatulutsa zokolola m'munda kufika pamseu. Ngolo zambiri zilibe mabuleki. Pamtsetse ngolo imakankha ng'ombe, ng'ombe zimathamanga, ndipo wokhala pa mtengo wokokera ngolo amagwera patsogolo pa tayala. Woyendetsa atsike ndi kuyenda pambali, ndipo pamtsetse woopsa amange tayala limodzi kuti lizikhwekhwereza. Katundu akhale pamwamba pa ekiselo. Akalemera kumbuyo, goli limanyamuka ndi kutsamwitsa ng'ombe. Akalemera kutsogolo, limazipweteka makosi. Ngolo ilibenso nyali, choncho isayende pamseu wa phula kukada, ndipo ikhale ndi zonyezimira, zofiira kumbuyo ndi zoyera kutsogolo. Mwana wa zaka khumi alibe mphamvu yoimitsa ng'ombe ziwiri zodzidzimuka ndi hutala ya lole. Musamutume yekha.

Njinga yakapalasa yosenza matumba atatu ili ndi makilogalamu 150 kuwonjezera pa mwini wake, koma mabuleki ake ndi timphira tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo, timene sitigwira bwino tikanyowa. Pamtsetse tsikani ndi kuikankha. Njinga yamoto ya kabaza yanyamula dalaivala, thumba ndi inu mwini wake pamwamba ndiye kuti yapyola muyeso. Tumizani thumba ulendo wake, inu ulendo wanu, ndipo valani chipewa choteteza mutu chomangidwa bwino pachibwano.

NGOZI IKACHITIKA

Kumudzi ndi m'makomboni ofika msanga pa ngozi ndi ife tomwe. Zimene tingachite m'mphindi zoyamba zingapulumutse moyo kapena kuuwononga.

1. Zimitsani injini, ikani miyala kumatayala, ndipo chenjezani magalimoto ena mbali zonse ziwiri. Mukaika nthambi pamseu, mudzazichotse pochoka.

2. Yambani ndi anthu, matumba pambuyo. Yang'anani kaye amene ali chete, chifukwa amene akukuwa ndiye kuti akupuma.

3. Wodandaula khosi kapena msana, kapena amene sakumva miyendo yake, musamudzutse, musamukhazike tsonga. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena atatu amunyamule ali chiwongokere ndi kumugoneka pa chitseko kapena thabwa.

4. Wokomoka koma akupuma, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi ngati chipika kuti agone chammbali, mutu uli chigwirire, kuti asatsamwe ndi masanzi kapena magazi.

5. Pamene pakutuluka magazi psinjani mwamphamvu ndi chitenje choyera kwa mphindi khumi osasuzumira. Chikanyowa onjezerani nsalu ina pamwamba.

6. Mwendo kapena mkono wothyoka musauwongole. Umangirireni ku thabwa kapena ndodo yokulungidwa ndi nsalu, koma osathinitsa. Fupa likatulukira kunja livindikireni ndi nsalu yoyera, musalibwezere m'kati.

7. Musathire dothi, ndowe, phulusa kapena mafuta a galimoto pabala. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Uzani achipatala kuti bala linachitikira kumunda kuti aone za katemera.

8. Musamupatse madzi, chakudya kapena mowa, chifukwa mwina afunika opaleshoni.

Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa kuli zipatala zazing'ono za boma, ndipo a ku Machinjiri ali ndi cha South Lunzu. Zimenezi zimathandiza mabala ang'onoang'ono. Wovulala mutu, msana, chifuwa, mimba kapena wothyoka fupa lalikulu malo ake ndi ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, chimene chinatsegula chigawo cha akulu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi mu 2011. Ana ofunika opaleshoni ali ndi chigawo cha Mercy James chimene chinatsegulidwa pomwepo mu 2017. M'zipatala za m'maboma muli madokotala othandizira a za mafupa, amene dziko lino linayamba kuphunzitsa mu 1985. Choncho wothyokera kumudzi apite kuchipatala cha boma lake tsiku lomwelo, asayambe wataya masabata akumangidwa timitengo ndi kutemedwa mphini. Akakuikani chikhakha, zala zikayamba kutupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi, bwererani msanga osadikira tsiku limene anakulemberani.

MTENGO WAKE WENIWENI

Timadzaza galimoto pofuna kupulumutsa ndalama ya ulendo wachiwiri. Tiyeni tiwerengere bwino. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti lilumikizike, ndipo amene sanachitidwe opaleshoni amagona pabedi lachipatala masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa mwendo uli chikokere ndi zitsulo. Wothyoka mu Meyi ndiye kuti dimba la chaka chimenecho lapita, ndipo pofika nthawi yososa ndi kupanga mizere adakali pa ndodo. Pafunikanso womudikirira kuchipatala, amene naye wasiya geni yake kapena ntchito yake. Chimanga chimene chinapulumuka pa ngozi chimagulitsidwa pa mtengo wotsika wa nthawi yokolola kuti papezeke ya thiransipoti ndi ya chakudya cha wodwala. Ndalama ya feteleza yathera pomwepo. Ngozi ya tsiku limodzi imadya zokolola za zaka ziwiri, ndipo ya msana imadya za moyo wonse.

Malamulo alipo otiteteza. Lamulo la pamseu la 1997 limafuna kuti dalaivala akhale ndi laisensi yoyenera galimoto imene akuyendetsa, ndipo galimoto ikhale ndi inshuwalansi ndi chiphaso chosonyeza kuti ili bwino. Koma inshuwalansi ya galimoto ya katundu si chimodzimodzi ndi ya basi, choncho funsani ngati ikuteteza okwera. Lamulo la chipepeso cha anthu apantchito la 2000 limapatsa wantchito wovulala pantchito ufulu wolandira chipepeso. Wovulala pa esiteti asunge mapepala ake onse a kuchipatala ndi a kupolisi ndi kukaonana ndi a ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Lamulo la zolemba ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa wosakwana zaka 18.

MUSANALIPIRE DALAIVALA

Funsani kuti galimotoyo ndi ya matani angati, ndipo werengani matumba nokha. Zungulirani galimoto, onani matayala ngati atha kapena ang'aluka, onani nyali, ndipo dalaivala aponde mabuleki inu mukuona. Wonunkha mowa musiyeni ngakhale mtengo wake ukhale wotsika. Matumba asanjidwe molukana ngati njerwa, olemera pansi ndi kufupi ndi mutu wa galimoto, asapitirire bodi, ndipo amangidwe ndi zingwe. Nyamukani m'mawa kuti mufike kusanade. Munthu mmodzi yekha aperekeze katundu, akhale kutsogolo ndi dalaivala atamanga lamba. Amayi, ana ndi aganyu akwere minibasi kapena basi. Ngati matumba anu ndi ochepa, gwirizanani ndi anzanu a mudzi umodzi kapena a kalabu imodzi kuti muchite hayala lole yokwanira katundu wa nonse, m'malo mothinana pa matola.

Dalaivala adzakuuzani kuti galimoto yake inazolowera. Anzanu adzakusekani kuti mukutaya ndalama. Ayankheni mwaulemu, koma musagonje. Chimanga mwachisamala miyezi isanu m'munda, mwachiteteza kwa mbozi, kwa akuba ndi kwa chiswe. Amene anachilimayo muwasamale chimodzimodzi, kuti chikafika pakhomo mudzachidye muli amphumphu, ndipo mvula yoyamba idzakupezeni khasu lili paphewa.